Buluku la Apongozi

Kwathu ndi ku Sharpevale, kuchigwa kumene munthu amafunda chitenje chimodzi n'kudzuka ali thukuta kamukamu. Nditakwatiwa ananditenga chitengwa kupita kwawo kwa amuna anga, kumapiri kumtunda kwa boma la Ntcheu, kumene amalima kachewere. Kumeneko ndi kumene ndinadziwira kuti chisanu chili ndi mano. Juni akafika, madzi a mu ndowa amaluma zala, ndipo agalu sauwa alendo, amangowayang'ana ali chigonere paphulusa.

Nkhaniyi inachitika nditakhala pamudzipo zaka zitatu, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka ziwiri ndi theka. Chimene ndinkanyadira n'chakuti pa zaka zonsezo ankhoswe anga anali asanaitanidwepo. Mtengwa amakhala pamudzi pa eni, maso onse ali pa iye. Akalakwa, amalume ake amakwera minibasi, kutsika, kukwera kabaza, kudzangomva kuti mwana wawo alibe mwambo, ndipo nkhaniyo imakafika kwa mayi ake isanazizire. Ine zimenezo ndinkaziopa kuposa njala.

Choncho apongozi anga aamuna ndinkawapatsa ulemu wawo wonse. Tikakumana panjira ndinkapatuka n'kugwada. Kumaso sindinkawayang'ana. Zovala zawo sindinkazikhudza ngakhale zili pachingwe mvula ikubwera. Ndinkangokuwira alamu anga, mchemwali wa amuna anga, kuti adzanule. Iwonso apongoziwo akafuna kundiuza kanthu sankalankhula ndi ine. Ankauza mwana, ine ndili pomwepo. "Akazi anga," amatero kwa mdzukulu wawoyo, monga amasererana agogo ndi adzukulu, "mukawauze amayi anu kuti mbuzi zalowa m'dimba." Mwanayo n'kuti akudya dothi.

Vuto lathu m'nyumba linali bulangete. Linali limodzi, anthu atatu. Amuna anga ndi munthu wabwino masana, koma akagona amadzikulunga ngati mbozi ya m'tsamba, ndipo m'mawa amakana.

Tsiku lina ndili pamsika kuboma ndinaona pa kaunjika chofunda chosokedwa ndi tizidutswa ta nsalu tosiyanasiyana. Ndinachitembenuza, ndinayang'ana m'mphepete, ndinachipsinya kuti ndimve zimene anaika m'kati. Ndinakhalitsa ndithu.

"Mayi, mukugula kapena mukuwerenga?" anafunsa wogulitsayo.

"Ndikuwerenga, achimwene. Ndatsala tsamba limodzi."

Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma singano ndimaidziwa. Ndinabwerera kunyumba nditatsimikiza mtima kuti chofunda chotero ndisoka ndekha.

Zidutswa ndinazipeza kwa telala wina wa pakhonde kuboma komweko. Iye amazisesa n'kutaya, ndiye ndikamupatsa kachewere wa m'mbale ankandisungira m'jumbo. Poyamba ndinadula katoni ya sopo kuti ikhale muyeso, zidutswa zonse zikhale zofanana ngati za pa kaunjika paja. Nditaziyala pamphasa, alamu anga anafika n'kuima manja ali m'chiuno.

"Alamu, mwatsegula okala?"

"Ndi chofunda ichi."

"Chofunda? Ine ndimayesa mbendera ya mayiko onse. Achimwene akafunda chimenechi azilota ali ku msonkhano."

Sindinakwiye, chifukwa ankanena zoona. Mitundu inkangokangana ngati amayi pamjigo. Ndinazilonga n'kuzisiya sabata yathunthu.

Nzeru inandipeza ndikuchokera kotola nkhuni pamwamba pa phiri. Nditatula mtolo kuti ndipume, ndinayang'ana pansi n'kuona minda yonse ya mudzi wathu itayalidwa. Panalibe munda wofanana ndi unzake. Wina wautali, wina wopindika, wina wobiriwira, wina wofiira dothi lokhalokha, mizere ya uyu ikupita uku, ya mnzake ikupingasa. Komabe zonse zinkagwirizana, ndipo patali msewu wa tala unkadutsa ngati lamba. Ndinati chofunda changa ndi chimenechi.

Katoni ija ndinayatsira moto. Ndinayamba kudula zidutswa mmene zabwerera, chachikulu chikhale munda wa munthu wolimbikira, chaching'ono wa mlesi. Zobiriwira ndinaziika pansi kukhala madimba, m'mbali mwa kamtsinje kamene ndinadula ku yunifolomu yabuluu. Nsalu zamizeremizere ndinkazitembenuza, china mizere choimirira, choyandikana nacho chogona, monga timachitira pamtsetse kuti madzi asakokolole nthaka. Tizidutswa toyera tinakhala madenga a malata. Zitenje za ndale zinandivutitsa, chifukwa telala uja anali nazo zambiri ndipo sindinkafuna kugona nkhope ya bambo wachilendo ili pachifuwa panga. Ndinkazidula mochenjera kuti pangotsala maluwa, ngakhale pakona ina panatsala khutu la munthu, mpaka lero lilipo. Zidutswa zitachepa ndinadula zitenje zanga ziwiri zakutha, china chimene ndinavala pa chinkhoswe, china chimene ndinkaberekera mwana ali wakhanda.

Ndinkasoka masana ndikamaliza ntchito, pakhonde, mwana akusewera ndi ulusi. Miyezi iwiri inatha choncho. Chimene chinkasowa chinali msewu. Pankafunika nsalu yaitali, yolimba, yamtundu wa tala, ndipo telala analibe.

"Bambo a mwana," ndinatero tsiku lina, "tapitani kwa amayi mukafunse ngati ali ndi sanza zakuda zimene sakuzifuna."

Anapita n'kubwerako msangamsanga ndi jumbo. M'katimo munali buluku lotuwa ngati phulusa, kumatako kukunyezimira ndi kutha, zipi yothothoka, bondo limodzi lili ndi chigamba. Koma nsalu yake inali yochindikala, ya kale, imene masiku ano simungaipeze.

"Amayi avomera?"

"Sindinawapeze. Koma jumboyi inali pakhomo, pamene amaika zotaya."

Ndinatenga sizasi tsiku lomwelo. Miyendo yonse iwiri ndinaing'amba, kuilumikiza, ndipo msewu unatuluka wokongola, wochoka pakona yakumanzere kukatulukira kumanja, wokhota pang'ono pakati. Thumba lakumbuyo linali ndi batani, ndiye ndinamva chisoni kulitaya. Ndinalisokera m'mbali mwa msewu kuti likhale siteji ya minibasi, ndizisungamo masokosi a mwana amene ankasowa m'mawa uliwonse. Pa nzeru zonse za chofundacho, imeneyi ndi imene ndinkadzitama nayo.

Masiku omwewo pamudzi panabuka nkhani yakuti buluku la apongozi lasowa. Apongozi anga anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni ali mnyamata, ndipo buluku limeneli analigula kumeneko. Mwina mudabwa kuti bwanji sindinazindikire. Koma mukanamva mmene ankalifotokozera. Ankati ndi lakuda bii, la Lamulungu lokhalokha, mzere wake wakuthwa woti ntchentche ikaterapo iduka miyendo, ndipo m'boma lonse la Ntcheu mulibe lina lotero. Ankalikumbukira mmene linalili tsiku logula. Anakayikira mbuzi, anakayikira anyamata ogula nkhuku, anakayikira akazi awo. Ine ndinamva nawo chisoni kwambiri, moti ndinathandiza kufunafuna kuseri kwa nkhokwe, kenako n'kubwerera pakhonde panga kukapitiriza kusoka msewu.

M'kati mwa chofundacho ndinayalamo majuzi akale amene ndinawatambasula, kunsi n'kuikako nsalu yoyala pabedi. Ndinasoka zonse pamodzi ndi misoko ikuluikulu yotsata mizere ya minda, kuti majuzi asamathawire mbali imodzi. Chinatha chisanu chitangoyamba. Chinali cholemera ngati mwana wa ng'ombe, ndipo chinali chachikulu moti amuna anga ankadzikulunga koma ife n'kutsalabe ndi gawo lathu. Tinafunda masabata atatu. Sindinagonepo bwino chotero chibwerereni kumapiri.

Kenako mwana anakodzera m'madimba, ndipo ndinachichapa n'kuchiyanika pachingwe.

Apongozi anga aakazi anabwera m'mawa umenewo kudzabwereka sefa. Anaima pachingwepo n'kuyamba kuyamikira. Anazindikira kamtsinje, anaseka khutu lija. Kenako dzanja lawo linafika pa siteji ya minibasi n'kuima. Anatsegula batani, anasuzumira m'kati, anatseka.

"Apongozi, thumba ili mwalitenga kuti?"

"Ku sanza zija anatola pakhomo panu bambo a mwana, amayi."

"Batani ili ndinasokerera ndine, ndi ulusi wofiira, chifukwa wakuda unatha. Buluku ili ndinaliika m'jumbo pakhomo kuti ndipite nalo kwa telala akaike zipi." Anandiyang'ana. "Mwafunda kale?"

Ndinalakalaka nditanama, koma mudzi wonse unkadziwa, chifukwa amuna anga ankadzitama nacho pabawo.

"Masabata atatu, amayi."

"Inu ndi amuna anu."

"Eya."

"Pansi pa buluku la apongozi anu."

Sanakweze mawu. Anangoiwala sefa n'kumapita, akuyenda pang'onopang'ono ngati akuchokera kumaliro. Ine ndinakhala pansi pomwepo. Munthu amene sindinakhudzepo ngakhale chipewa chawo, ndinawang'amba buluku pakati, kulitambasula, n'kugona nalo.

Amuna anga atabwera kudimba ndinawauza. Anakanda m'mutu nthawi yaitali.

"Kunena zoona, mayi a mwana, sabata yachiwiri ija ndinayamba kulikayikira thumbalo."

"Ndiye munangokhala chete?"

"Kumazizira."

Madzulo asanafike alamu anga anabwera ndi uthenga, akuyesetsa kumanga nkhope koma milomo ikuwanjenjemera. Anati mawa masana tikaonekere kwa makolo ndi chofundacho, ndipo amayi anena kuti msewu usomoledwe, ankhoswe a ku Sharpevale aimbiridwe foni, mtengwa alangizidwenso chifukwa zikuoneka kuti malangizo oyamba sanalowe.

"Koma alamu," anawonjezera, "inu ndi katswiri. Ife tabadwira pano sitinalikhudzepo buluku limene lija. Inu mwafika n'kulisandutsa msewu wa ku Lilongwe."

Tsiku lotsatira tinapita. Apongozi aamuna anakhala pampando wawo pakhonde, atavala buluku la kumunda. Apongozi aakazi anakhala pamphasa, alamu pambali pawo. Amuna anga anakhala pa njerwa, akuyang'ana nyerere. Ine ndinagwada chapatali, chammbali, mwana ali patsogolo panga. Chofunda anachiyala pabwalo, ndipo padzuwa chinkaoneka bwino moti ngakhale ndinali ndi mantha, mtima wina unkati taonani ntchito.

Apongozi aakazi anafotokoza mlandu wonse, n'kumaliza ndi mawu akuti foni ili ndi mayunitsi, angoyembekeza mawu a bambo.

Apongozi aamuna anadzuka ndi ndodo yawo n'kuzungulira chofundacho kawiri. Kenako anaitana mwana.

"Akazi anga, tawafunsani amayi anu. Chinthu chotuwa ichi akuti ndi buluku langa?"

Ndinayankha ndikuyang'ana mwanayo. "Uwauze agogo kuti ndi lomwelo, ndipo ndalakwa kwambiri. Sindinadziwe."

"Langa linali lakuda."

"Linali lakuda tsitsi la m'mutu mwanumo lisanathothoke," anatero apongozi aakazi, akuloza dazi lawo. "Latuwa zaka makumi awiri zapitazo. Ndimachapa ndine."

Apongozi aamuna anasendera pafupi. Anawerama n'kutsina nsaluyo ndi zala ziwiri, ndipo ndinaona kuti aizindikira. Analoza ndi ndodo.

"Akazi anga, afunseni kuti zobiriwirazi n'chiyani."

"Uwauze kuti ndi madimba a kumtsinje."

"Nanga ichi chachikulu chamizere?"

"Ndi munda wa agogo womwewo, wa kuseri kwa tchalitchi."

Anaima mowongoka. Munda umenewo ndinaupatsa chidutswa chachikulu kuposa zonse chifukwa choti nsaluyo inabwera yaikulu, koma zimenezo sindinanene.

"Nanga kakang'ono aka, kopindika?"

Ndinazengereza. "Ndi ka bambo ake a mwana."

"Ndi momwemo," anatero. "Sapalira."

Anatsata msewu ndi ndodo kuchokera pakona mpaka pakona. Anati wakhota bwino, koma pamalo pamene pali chigamba cha bondo m'pamene pali maenje enieni, pafupi ndi mlatho, ndiye amene anasoka anaona bwino. Anatsegula siteji ya minibasi n'kutulutsamo sokosi imodzi. Anaiyang'ana, anaibwezera.

"Kusomola ayi," anatero. "Buluku lafa kale ili. Mukasomola msewu, ndivala msewu? Koma kuti mwana wanga ndi mkazi wake azifunda, zimenezo sizingatheke. Ndiye poti nsalu yolimba pa zonsezi ndi yanga, ndi munda waukulu ndi wanga, chofundachi chilowe m'nyumba muno."

Apa m'pamene ndinazindikira kuti nkhalambayo yachikonda chofunda changa, ndipo mlandu ukupita kwina. Mtima unandiwawa, miyezi itatu ya zala zobooka, koma ndinati bola chipite chofunda, amalume asakwere minibasi.

Koma apongozi aakazi anali asanathe. Anadzuka n'kuloza chidutswa chachikasu pafupi ndi munda waukulu uja.

"Ichi mukuchidziwa, bambo?"

"Ndi munda wa mpendadzuwa."

"Ndi chitenje cha apongozi anu ichi, chimene anavala pa chinkhoswe. Icho apo ndi mbereko yawo. Zitenje zoti zakhala m'chiuno mwa mtengwa, inu mufunde kumaso? Ndiye ankhoswe tiitane a mbali zonse ziwiri, adzalangize nonse."

Apongozi aamuna anabweza ndodo yawo msanga ngati akhudza njoka. Alamu anga anathawira kuseri kwa nyumba, ndipo tinkawamva akutsokomola.

Chofunda chili apo, chofunda bwino, chisanu chili pakhomo, koma panalibe wamkulu aliyense woti angachifunde. Ife sitingathe chifukwa cha buluku. Iwo sangathe chifukwa cha zitenje. Alamu anakuwa ali kuseri komweko kuti iwo angadzipereke, koma mayi awo anawakumbutsa kuti mwana wamkazi safunda buluku la bambo ake.

Nthawi yonseyi mwana anali atatopa ndi ntchito yotumidwa. Anayenda n'kukagona chafufumimba pakati pa chofundacho, mutu pa msewu, n'kuyamba kuyamwa batani.

Apongozi aamuna anamuyang'ana, kenako anaseka mpaka kutsamira ndodo.

"Nayu mwini wake. Zitenje ndi za mayi ake, anaberekedwamo kale. Buluku ndi la mwamuna wake. Alipo amene angaletse mkazi kufunda buluku la mwamuna wake?"

Apongozi aakazi anaganiza, akufunafuna polowera, koma sanapapeze. Anangoti, "Nanga za masabata atatu aja?"

"Amene sadziwa salakwa mwambo, amalakwa ndi amene anatola jumbo pakhomo pa eni osafunsa." Anatembenukira kwa mwana wawo, amuna anga, ndipo kwa iyeyu sanafune wotumidwa. "Iwe, Lamulungu ndivala chiyani?"

"Tiona, bambo."

"Taona kale. Lija unavala pa ukwati wako."

Kenako anawerama kwa mdzukulu wawo. "Akazi anga, muwauze amayi anu kuti foni siimbidwa. Amalume awo akhale, minibasi zakwera mtengo. Muwauzenso kuti dzanja ali nalo, koma ulendo wina akafuna msewu adzanene, tidzawagulire nsalu."

Ndinawomba m'manja katatu ndili chogwada, ndikuyang'ana pansi. Ndinkaopa kuti ndikadzutsa mutu ndiseka kapena ndilira, ndipo zonse ziwiri pamaso pa apongozi n'zosayenera.

Lamulungu limenelo apongozi anapita kutchalitchi ndi buluku la mwana wawo, lolekeza pamwamba pa akakolo, masokosi onse ali pamtunda, akuyenda monyada. Amuna anga anatsala kunyumba, ati mutu. Apongozi aakazi anatenga masabata awiri asanabwerenso kwathu, ndipo atabwera anali ndi jumbo ya zidutswa. Anazitulutsa chimodzichimodzi, akutchula mwini wake wa chilichonse, kuti pasadzakhale mlandu. Anati akufuna chawo, koma chopanda msewu.

Ife tinabwerera ku bulangete lathu lakale, ndipo amuna anga anayambiranso kudzikulunga. Mwana anayamba kugona pamphasa yake pambali pathu, yekha m'chofunda cha anthu atatu, ngati bwana. M'mawa ankadzuka masaya ali ofunda, ife mano akugundana.

Mwambo ndimausunga, ndipo ankhoswe anga mpaka lero sanaitanidwepo. Koma Julaye wa chaka chimenecho kunazizira modetsa nkhawa, ndiye ndivomere kuti mapazi anga ankalowako pang'ono m'chofunda cha mwanayo. Ndinkawalowetsa chakumadimba, kumunsi kwenikweni, kutali ndi msewu.